Kodi kungokhala chete pamaso pa Mulungu ndi pemphero? Ndithandizeni abale

MayiWaAnaAtatu, Mangochi boma

Moni nonse abale mwa Ambuye. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa mtendere miyezi ingapo tsopano ndipo kutchalitchi kwathu ndikuchita manyazi kufunsa.

Ine ndinakulira m'pemphero la mawu. Kwathu kupemphera ndi kutsegula pakamwa, ukangoti duu pa felosipu amakugwira paphewa nkumati sisita tsegulani pakamwa panu, mdani safuna ulemu. Ma ovanaiti ndapita osawerengeka, kuphiri ndakwerako, kubwerako mawu atasasa. Sindikunyoza ayi, Mulungu anandichitira zambiri mmenemo.

Koma mu Juni mayi anga anatisiya. Ndinawadwazika miyezi 4, kugona pansi pambali pa bedi lawo kuchipatala nditayala chitenje, usiku uliwonse ndikupemphera mpaka anzanga a m'wodi anandizolowera. Chiikireni maliro mawu anandithera. Ndikagwada ndimangoti Atate, basi pakhosi patseka. Sikuti ndamukwiyira Mulungu ayi, kungoti zonse ndinanena kale pambali pa bedi lija ndipo ndilibenso china.

Nde chimene chikuchitika ndi ichi. Ine ndimagulitsa usipa wouma ndi tomato kumsika, ndimadzuka cha m'ma 4 koloko. Mukudziwa kuno adhana ikamveka kumzikiti ndiye alamu yathu tonse, Asilamu ndi Akhristu omwe. Ndikateleka madzi osamba ana ndimakhala pakhonde pa kampando kanga nditafunda chitenje, osanena kanthu, mphindi mwina 10 mwina 15. Masiku ena mtima umakhala pansi ngati pali wina wakhala nane pambali osandifunsa kanthu. Masiku ena mutu umangowerengera fizi ya ana, ngongole ya banki m'khonde, mtengo wa usipa kudoko, madzi mpaka kuwira ine ndili kumsika m'maganizo.

Kodi chimenechi ndi pemphero kapena ndi ulesi wauzimu? Nanga maganizo othawathawawa anzanga mumawatani? Komanso anthu amati muzimvetsera Mulungu, kumva kwake nkotani, ndi mawu enieni a m'khutu? Mnzanga wina wa kwaya wandiopseza kuti zokhala chete ndi zachikunja, zimatsegulira ziwanda khomo, moti dzulo ndinaopa kukhala pakhonde paja.

KatekisitiWopuma, Namwera

Mayi, pepani kwambiri ndi maliro a mayi anu. Miyezi 4 pansi m'chipatala si masewera, munachita mbali yanu ngati mwana.

Ndiyambe ndi kukuchotsani mantha. Tsegulani 1 Samueli 1, Hana uja ali ku Silo ndi mtima wowawa, milomo yokha ikugwedezeka mawu osatuluka, mpaka wansembe Eli anamuyesa woledzera. Wansembe weniweni anaphonya, koma Chauta anamva ndipo Samueli anabadwa. Ndiye ngati mnzanu wa kwaya sakumvetsa musamudandaule, si woyamba.

Koma amene ndimamukonda pa nkhaniyi ndi Eliya. Anthu timakonda chaputala 18 cha 1 Mafumu, moto kutsika pa Karimeli, aneneri a Baala 450 akufuula kuyambira m'mawa mpaka masana kudzitema ndi mipeni osayankhidwa. Timaiwala chaputala 19. Eliya yemweyo wathawa Yezebeli, wakhala pansi pa kamtengo m'chipululu nkupempha kuti afe, watopa. Mngelo sanamuuze kuti dzuka ukuwe, anamupatsa mkate ndi madzi nkumusiya agonenso. Kenako ulendo wa masiku 40 mpaka ku Horebu, ndipo kumeneko kunadza chimphepo chong'amba miyala, chivomezi, moto, koma Chauta sanali mmenemo. Atapita moto kunadza kamphepo kayaziyazi, mpamene Eliya anafunda nkhope ndi chovala chake nkutuluka kuima pakhomo la phanga. Ine ndikawerenga za inu mutafunda chitenje pakhonde mbandakucha ndikuona munthu amene wachoka pa chaputala 18 walowa 19, ndipo zonsezo ndi za Mulungu mmodzi.

Zoti ndi zachikunja ayi ndithu. Zimenezi Akhristu anayamba kalekale ndipo mbali yaikulu inayambira mu Africa mommuno. Antonio woyera wa ku Ejipito, amene anamwalira m'chaka cha 356, anakhala zaka zambiri m'chipululu, ndipo anthu ankayenda mitunda kukamufunsa nzeru. Benedikito woyera polemba malamulo a amonke ake liwu loyamba limene anaika ndi lakuti mvera. Ndipo kuli nkhani ya Yohane Vianney, wansembe wa ku Ars ku France, anali ndi mlimi wina m'parishi mwake amene ankalowa m'tchalitchi nkungokhala, alibe buku alibe kolona m'manja, atamufunsa kuti umachita chiyani anati ndimangomuyang'ana, nayenso amandiyang'ana. Ife Akatolika timachita zimenezi popembedza Ukaristia ndi pa m'bindikiro, koma si za Akatolika okha, Yesu mwini pa Marko 1:35 anadzuka kusanache nkupita kwayekha.

Za maganizo othawathawa. Munatungapo madzi mu Shire nthawi ya dzinja? Mukangowatula ali odera bii, mukati muwatakase kuti ayere ndiye mwawononga. Mumangoika ndowa pansi, matope amadikha okha. Mutu ndi chimodzimodzi, fizi ikabwera musalimbane nayo kapena kudziimba mlandu, ingoyiikani m'manja mwa Ambuye nkubwerera. Chobwererapo chake mukhale nacho, liwu limodzi kapena vesi lalifupi. Inu muli nalo kale, munati mumangoti Atate. Gwirani lomwelo. Maganizo akathawa ka 20 inu mubwerere ka 20 ndi Atate wanuyo, osathamanga, motsatana ndi mpweya wanu. Ine zaka zonse ndinaphunzitsa kalasi ndinkauza akatekumeni kuti kubwererako ndiye pemphero lenilenilo.

Mukadzapezako mphamvu muwonjezere ichi, werengani mavesi awiri atatu okha pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu, liwu limene lakukhudzani mulisunge ngati mmene ng'ombe imabzikulira, muyankhe zimene zabwera mumtima, kenako mukhale chete. Amonke amaitcha lectio divina. Kuona maso a nkhono nkudekha, mayi.

MnyamataWaMoto, Monkey Bay

Mama pepani ndi zovutazo, Ambuye akutonthozeni. Koma ine ndilankhule mmene ndikuonera olo ena sakondwa, ndi ulemu wonse kwa adala a ku Namwera.

Chetechete sautsa nyama. Batumeyo wakhungu uja pa Yeriko anthu ankamuletsa kuti khala chete iye ndiye anachita kukweza mawu kwambiri, ndipo Yesu anaima chifukwa cha kufuulako, akanati adekhe akanafa wakhungu. Ahebri 5:7 akuti Yesu mwiniwake anapemphera ndi kulira kwakukulu ndi misozi. Machitidwe 4 mpingo unakweza mawu pamodzi mpaka malo anagwedezeka. Paulo ndi Sila m'ndende ku Filipi pakati pa usiku anaimba akaidi anzawo akumva. Nde tisamapangitse anthu kuona ngati ife okuwa ndife aneneri a Baala ayi.

Chimene chimandiopsa ine ndi izi zikuyenda pa YouTube ndi TikTok zoti khala pansi tseka maso chotsa chilichonse m'mutu mwako. Mateyu 12 akunena za mzimu woipa wobwerera nkupeza nyumba yosesedwa bwino koma mulibe munthu, nkukatenga anzake 7. Mutu wopanda kanthu ine ndimauopa. Komanso chisoni chimakonda munthu wokhala yekha, mawa mudzasiya felosipu, mkuja tchalitchi, nkumati ndikupemphera chamumtima. Ndaonapo anthu akuzilala choncho mama, nchifukwa chake ndikulankhula.

MsodziWakale, Malindi

Achimwene a ku Monkey Bay mwanena zoona zambiri, koma mwambi wanuwo ndi wa alenje a kutchire. Ife a panyanja tili ndi nzeru ina.

Ine ndakhala pa chilimira, ukonde waukulu uja wophera usipa, zaka zoposa 20, zaka zingapo ndinali siginala. Amene sadziwa, siginala ndi uja amakhala yekha m'kabwato ndi nyali usiku wamdima kudikira usipa ukwere kutsata kuwala, anzake ali poteropo ndi ukonde. Ntchito yake yonse ndi kukhala chete ndi kuyang'ana pansi pa madzi. Maola awiri atatu uli phee, msana ukuwawa, nkhungu zikukulowa m'maso, tulo tikubwera. Ukapupuluma kuitana anzako kuti ponyani usipa usanasonkhane mwakoka madzi okhaokha, mafuta a injini apita, anthu 9 kapena 10 abwerera kunyumba chimanjamanja chifukwa cha iwe. Ukagona ndiye usipa wabwera wapita. Nde kukhala chete kumeneko si ulesi ndipo si mutu wopanda kanthu, mutu umakhala wodzaza ndi chinthu chimodzi basi. Ndipo nthawi ikakwana siginala yemweyo amakuwa mpaka amve onse. Munthu mmodzi yemweyo, kudikira ndi kukuwa.

Ine kupemphera ndinaphunzirira mmenemo, osati pa benchi. Ndine wa Anglican, mapemphero athu ambiri ndi owerenga m'buku ndipo ndimawakonda, koma pakati pa nyanja buku suwerenga. Ndinkangoti Ambuye Yesu mundichitire chifundo, nkhafi ili pamiyendo, kenako osanenanso kanthu. Pali usiku wina sindidzauiwala, mwana wanga woyamba ali kuchipatala ndi malungo a m'mutu ine ndilibe olo ndalama ya kabaza, ndinalowa panyanja chifukwa kunalibe kuchitira mwina. Usiku wonse sindinanene liwu kwa Mulungu, ndinangokhala naye. Sindinamve mawu m'khutu ayi, ndisaname. Koma pofika m'bandakucha mantha aja anali atatsika, ndinadziwa choti ndichite, kupita kukagwada kwa mchimwene wanga amene tinali tisakulankhulana zaka 2 chifukwa cha malire a munda. Ndikanakhala ndikulankhula ndekha usiku wonse sindikanamva zimenezo chifukwa sindinkafuna kuzimva.

Mayi, masiku amene mukuti mwataya nthawi aja musawawerengere. Panyanja pali usiku wa ukonde wopanda kanthu, ndipo mwezi ukawala nyali siikoka usipa, timangokhala kumtunda kusoka maukonde. Palibe msodzi amagulitsa bwato chifukwa cha zimenezo. Petro anagwira ntchito usiku wonse osakola kanthu, Yesu anafika m'mawa. Akuluakulu amene anandiphunzitsa ankadziwa kuti mwera ukubwera ife anyamata tisanaone kalikonse, ankangoti tiyeni kumtunda, ndipo sikuti anali ndi mankhwala, makutu awo anazolowera nyanja chifukwa cha zaka zokhala phee pamadzi.

KatekisitiWopuma, Namwera

Mnyamata wanga wa ku Monkey Bay, sindinakutcheni aneneri a Baala ayi, ngati zinamveka choncho pepani. Ndipo pa za nyumba yopanda munthu ndikugwirizana nanu, nchifukwa chake ndawauza mayiwa kuti agwire liwu loti Atate. Mkhristu sakhala chete kuti mukhale mopanda kanthu, amakhala chete chifukwa m'nyumbamo mwalowa wamkulu. Mfumu ikafika pabwalo nkukhala pampando anthu amaleka phokoso, si kuti pabwalo palibe munthu. Salimo 46:10 silinathere pa khalani chete, linapitiriza kuti ndipo dziwani kuti Ine ndine Mulungu. Ndipo Batumeyo wanuyo atafika pamaso pa Yesu anasiya kukuwa, anamva funso loti ufuna ndikuchitire chiyani, nkuyankha.

AgogoAMvano, Namiasi

Mwana wanga, ndikulemba pa foni ya mdzukulu wanga, iye ndi amene wandiwerengera zonsezi.

Iwe ukudziwa mmene timachitira pamaliro. Munthu wanzeru akafika m'nyumba ya siwa salalikira, amakhala pansi pamphasa pafupi ndi anamfedwa, mwina kuwagwira dzanja, basi. Ndipo mawa lake ofedwawo amakumbukira kuti uje anabwera, anakhala nane. Anzake a Yobu aja anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena liwu, ndipo mpamene anachita bwino, zinayamba kulakwika atatsegula pakamwa. Ndiye iwe ukamati pakhonde pamakhala ngati wina wakhala nawe osakufunsa kanthu, ine sindikudabwa. Mulungu wabwera kudzakupepesa maliro mwa chikhalidwe chathu. Usamuthawe. Aroma 8:26 akuti sitidziwa chimene tizipempha monga chiyenera koma Mzimu mwini amatipempherera ndi zobuula zosatheka kuneneka, ndiye pakhosi pakatseka pemphero silinaime.

Ine abambo a kunyumba atamwalira ndinatha pafupifupi chaka ndikulephera kutsogolera pemphero ku Mvano, Lachinayi lililonse ndinkavala yunifolomu yanga nkukakhala kumbuyo. Azimayi anzanga sanandikakamize. Mawu anabwerera okha tsiku lina tikuona odwala, ndipo anabwerera ochepa kuposa kale, mpaka lero sindipemphera motalika.

Koma funso lako lachitatu ndi limene ndafuna kukhalapo, chifukwa apa mpamene anthu ambiri avulala. Si chilichonse chobwera mumtima ukakhala chete chimene ndi Mulungu. Mumtima muli mantha ako, mkwiyo wako, zimene unamva kumsika dzulo. Masiku ano aliyense akuti Mulungu wandiuza, Mulungu wandionetsa, ndipo ife okalamba ndi amene tikulira nazo. Munthu wafedwa, wapita kwa wina woti amamva mawu, amuuza kuti anapha mayi ako ndi azakhali ako, basi banja lapasuka, agogo athamangitsidwa pamudzi ena mpaka kugendedwa. Ndaona ndi maso anga nyumba ya mnzanga itagwetsedwa. Iwe uli pachisoni, ndiye nthawi imene mawu otere amapeza khomo msanga. Ukadzamva kanthu kokuuza kuti uje ndi amene anachita, kapena kokuuza kuti unalephera kuwasamala mayi ako, kapena kuti moyo wako ulibenso ntchito, dziwa kuti si Atate ako amenewo. 1 Yohane 4:1 akuti yesani mizimu.

Kuyesa kwake sikovuta. Kodi zikugwirizana ndi Mawu olembedwa? Kodi zikukutengera ku chikondi, kukhululuka, kubweza ngongole, kukaona wodwala, ngati mmene anachitira bambo a ku Malindi aja popita kwa mchimwene wawo? Nthawi zambiri mawu a Mulungu amakutuma iweyo kukachita chinthu chimene umachizemba, sakonda kukuuza zolakwa za anzako. Ndipo osasunga wekha. Samueli ali mwana anamva kuitana katatu konse nkumathamangira kwa Eli, ndi nkhalamba ija imene inamuzindikiritsa kuti ndi Yehova nkumuphunzitsa choyankha. Peza mayi mmodzi wokhwima kumpingo kwanu, wosayenda ndi nkhani, uzimuuza zimene zikubwera mumtima.

Mnyamata wa ku Monkey Bay wanena chinthu chimodzi cholondola kwambiri, usasiye anzako. Pita ku felosipu, iwo akamakuwa iwe ukhale pakati pawo, mawu awo akunyamule. Ndipo ukaona kuti sukudya, sukugona, bizinesi yakukanika masabata angapo, ukauze abusa ndiponso upite kuchipatala, chisoni china chimafuna thandizo ngati matenda ena aliwonse, palibe chamanyazi.

MnyamataWaMoto, Monkey Bay

Agogo apo ndamva. Za kunamizira okalamba ufiti ndi zoona zikuchitika ndipo ena ochita zimenezo amatchula dzina la Yesu, zimandipweteka. Ine pa kufuula sindisintha, ndi mmene ndinapulumukira. Koma ndivomere kuti pa ovanaiti yathu kuyambira 9 koloko mpaka 5 m'mawa sipika siipuma olo mphindi imodzi, magetsi akazima timathamangira jenereta. Ndikafunsa atsogoleri ngati tingamasiyeko mphindi 10 tikatha kuwerenga Mawu, kaya akavomera kaya.

MayiWaAnaAtatu, Mangochi boma

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri ndili pa benchi kumsika mpaka kasitomala wina anandifunsa ngati ndalandira uthenga wa maliro ena poona misozi.

Lero ndinabwerera pakhonde paja. Foni ndinaisiya m'nyumba pansi pa pilo chifukwa ndazindikira kuti ndimati ndikangokhala pang'ono dzanja lapita kale pa WhatsApp. Ndinagwira Atate monga ananenera a katekisiti. Maganizo anathawa ndithu, kangati sindinawerenge, tomato wa dzulo wayamba kufewa ndiye mutu unali pamenepo. Koma ndinabwerera. Mawu m'khutu sindinamve. Chimene chinabwera ndi nkhope ya mng'ono wanga amene ali ku Makanjira, chichitikireni maliro sitinalankhulane bwino chifukwa ine mumtima ndinkamusungira kuti anandisiyira ndekha odwala, pomwe ndikudziwa kuti anali ndi mwana wakhanda. Ndinakhala nayo nkhopeyo mpaka madzi anawira. Masana ano ndagula mayunitsi ndamuimbira, sanayankhe, mwina netiweki ya kumeneko, ndiyesanso madzulo.

Agogo, mayi wokhwima ndamuganizira, alipo wina amene ankabwera kuchipatala ndi phala m'botolo osalankhula zambiri. Felosipu ya Lachitatu ndipita, ndikakhala kumbuyo.

A katekisiti, funso lina laling'ono, mwana wanga womaliza wa zaka 5 wayamba kudzuka nane, lero anabwera ndi bulangeti lake nkukhala pamiyendo panga osanena kanthu. Ndizimubweza kukagona kapena azikhala?